Musathamangire kunena kuti kompyuta yafa

Seva ya mu labu yathu, kuno kumbali ya Namitete, inatizunza temu yonse ya dzinja. Seva ndi kompyuta yaikulu yomwe imasungira makompyuta ena zinthu, ndipo yathuyi munali manotsi, mabuku ndi malikisi a mayeso oyeserera a Fomu 4. Lolemba lililonse m'mawa imakana kuyamba: fani ikuzungulira, koma sikirini ikunena kuti sikupeza disiki yoyambira. Ndikalowa m'masetingi n'kuilozera disiki yoyenera, imagwira ntchito bwinobwino. Koma nthawi zina imabwereza vutoli Lachitatu kapena Lachinayi, popanda chifukwa chooneka.

Wokonza wina anaiyang'ana mphindi zisanu n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tiifomate basi. Ikakanabe, mugule motherboard ina." Tikanavomera, malikisi a ana akanapita, ndipo vuto likanatsala pomwepo. Ichi n'chifukwa chake ndikuti: pokonza makina, chida choyamba si sikuludiraiva ayi, koma kope ndi cholembera.

Tiyambe ndi zomwe zimachitika mukadina batani. Windows kapena Linux isanadzuke, pamayamba kaye pulogalamu yaing'ono yokhala mu chipu cha pa motherboard. Imeneyi ndi firmware. Pa makina akale imatchedwa BIOS, pa atsopano UEFI. Imayendera RAM, purosesa ndi zida zina ngati mphunzitsi akuitana maina m'kalasi, kenako imafufuza disiki yomwe muli Windows. Vuto likakhala pamenepa, kufomata sikuthandiza, chifukwa makinawo sanafike n'komwe pa zomwe mukufufutazo.

Ndinapempha ophunzira atatu a Fomu 3 kuti tsiku lililonse azilemba zinthu zinayi: ngati seva yayamba, uthenga wa pa sikirini, deti yomwe ikuonetsa, ndi momwe magetsi analili usiku. Patatha milungu itatu, mtsikana wina anaona zomwe ine ndinaphonya. Tsiku lililonse lomwe seva inakana, deti yake inali itabwerera zaka zambiri m'mbuyo. Ndipo masiku onsewo anatsatana ndi chimodzi mwa ziwiri: kuthima kwa magetsi kwa maola angapo, kapena Loweruka ndi Lamlungu. Lachisanu madzulo timazula pulagi kuopa mphezi, pomwe masiku ena timangozimitsa ndi batani.

Apa fizikisi inalowapo. Kompyuta yozimitsa koma pulagi ili kukhoma imalandirabe magetsi ochepa, a mavoti 5, okwanira kuyendetsa wotchi yake. Magetsi akachokeratu, ntchitoyi imatsalira kabatire kooneka ngati khobidi, kotchedwa CR2032. Dzinalo likunena kukula kwake: mamilimita 20 m'mimba mwake, 3.2 kuchindikala. Katsopano kamapereka mavoti 3. Kakafooka, makina ambiri, makamaka akale, amaiwala nthawi ndi masetingi n'kubwerera ku zomwe anachoka nazo ku fakitale. Seva yathu ili ndi madisiki awiri, ndiye ikaiwala imakagogoda pa disiki yolakwika.

Komabe sitinathamangire kugula. Tinayesa kaye ganizo lathu monga timachitira mu pulakitiko: Lachiwiri masana tinazula pulagi kwa ola limodzi osasintha china chilichonse. Seva inakana. Tinachotsa kabatireko n'kukayeza ndi multimeter, ndipo sikanafike n'komwe mavoti 2. Ndinakwera minibasi ya msewu wa Mchinji, kudutsa pa Mpingu mpaka m'tauni, n'kubwera ndi katsopano. Tinabwereza kuyesa komweko, seva n'kuyamba popanda vuto.

Wina anganene kuti, "Milungu itatu chifukwa cha kabatire? Katswiri akanadziwa tsiku lomwelo." N'zoona, wozolowera akanayang'ana deti msanga. Koma akatswiri oterowo sapezeka tsiku lililonse ku Nsaru, Kabudula kapena Nambuma, ndipo kuwaitana n'kulipira thiransipoti. Komanso iwowo amadalira zolembedwa. Maseva akuluakulu a Dell ali ndi kachipu kotchedwa iDRAC, a HP ali ndi iLO, komwe kamalemba mbiri ya zovuta ngakhale sevayo itazimitsidwa, bola pulagi ili kukhoma. Injiniya wabwino amawerenga mbiri imeneyi asanamasule sikulu ngakhale imodzi. Kope lathu lija limagwira ntchito yomweyo.

Ndivomereze kuti si vuto lililonse la firmware lomwe limathera pa kabatire. RAM ikhoza kukhala yosakhazikika bwino m'malo mwake, kapena fumbi la m'chilimwe lalowa m'mapini. Choopsa kwambiri ndi kuika firmware yatsopano magetsi n'kuthima pakati, chifukwa makina ena sayakanso. Ntchito imeneyo musaigwire popanda UPS ndi munthu woidziwa. Bokosi la power supply musalitsegule ngakhale pulagi ili yozula, poti makapasita ake amasunga magetsi oti n'kukuvulazani. Ndipo musanakhudze chilichonse, koperani mafayilo ofunika pena.

Zina zonsezo mungazithe, ndipo ndikuona kuti ife aphunzitsi timalakwa tikamakhoma makompyuta owonongeka m'sitolo ngati mitembo, osalola ophunzira kuwafufuza. Funso loti "chasintha n'chiyani pakati pa dzulo ndi lero?" ndi lomwelo mumayankha pa pepala la pulakitiko la MSCE mukasintha chinthu chimodzi n'kusiya zina momwe zilili. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati pasukulu panu pali kompyuta yomwe anthu anaigamula kuti inafa, pemphani chilolezo kwa aphunzitsi, muiyatse, mulembe zomwe ikunena. Yambani ndi kuyang'ana deti.