Woweruza mmodzi, madokotala awiri

Pa 14 Julayi 1933, boma la Hitler ku Germany linakhazikitsa lamulo lololeza kutseka anthu mokakamiza kuti asaberekenso. Pofika 1945, anthu pafupifupi 400,000 anali atatsekedwa. Musaganize kuti ankagwidwa usiku ndi zigawenga. Nkhaniyo inkagamulidwa m'khoti, pamaso pa woweruza mmodzi ndi madokotala awiri, zonse zolembedwa bwino pamapepala. Ambiri anali amphawi, kuphatikizapo atsikana antchito zapakhomo ndi aganyu a m'minda, amene ankatchedwa operewera nzeru chibadwire chifukwa cholephera mafunso onga a kusukulu. Mu 1937, ana mazana angapo a ku Rhineland, amene abambo awo anali asilikali ochokera ku Africa, anatsekedwa mobisa, lamulolo osalitsata n'komwe.

Ndikukumbutsani zimenezi chifukwa pepala likadali chida. Mu 2014, khoti lalikulu kwambiri la Namibia linagamula kuti amayi atatu okhala ndi HIV anatsekedwa m'zipatala za boma popanda chilolezo chenicheni, atasainitsidwa ali mu ululu wa pobereka. Inu amene muli kutali ndi kwanu, amene chinenero cha kuchipatala simuchimva bwino, akakupatsani pepala la opaleshoni, pemphani womasulira musanagwire cholembera.