Mupita Kuwedza Kapena Mukuka?

Anyamata ba ku Kanyama na Chawama, nimveleniko. Ngati pa Saturday muyenda kuwedza ku Kafue, cooler box, mipando na speaker visale ku nyumba. Kondakita azakulipilisani mpando wa katundu, ndalama yasila musanafike na pa Chilanga.

Mbedza zitatu, twine, ndodo imozi, nyongolosi mu kachitini, saka ya unga yoikamo nsomba. Kwasila. Kuja kuli ng'ona na mvuu, mwandi, ndipo munthu wosenza vinthu vambili sathamanga.

Neti ya udzudzu isale pa bedi. Kuwedzela iyo ni mulandu, imakokolola na tuana twa nsomba. Manje kuyambila 1 December mpaka February asile, ba Fisheries amaika fish ban. Ndodo nayo ipumule kuseli kwa chitseko.