Gulani puloti, nyumba idzabwera pang'onopang'ono

Achinyamata ambiri amene amachita geni pa Lizulu ali ndi funso limodzi pamtima: kandalama ndasungaka ndigulire nyumba panopa, kapena ndipitirize kusunga mpaka ikwane ya nyumba yabwino? Ine ndikuti njira zonse ziwirizi zili ndi msampha, ndipo msampha waukulu uli kwa amene akungosunga.

Tiyambe ndi kwacha. Mu May 2022 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene anali ndi K2 miliyoni ku banki kapena mu Airtel Money anagona ali ndi ndalama yokwana madola pafupifupi 1,700, n'kudzuka ali ndi madola osafika 1,200. Palibe wakuba amene analowa m'nyumba mwake. Nambala ya pa foni inali yomweyo, koma malata, misomali ndi magalasi, zomwe zimadalira ndalama zakunja, zinamuthawa. Chaka cha 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Ndi akaunti iti yosungira ndalama imene inkapereka chiwongoladzanja chotero? Wosunga kwacha akuthamangitsa basi yomwe yanyamuka kale pa siteji.

Nde ena amati bola kungotenga ngongole, kugula nyumba yotha kale. Apa napo ndikukana. Mu 2024 Reserve Bank inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo mabanki amaikanso zawo pamwamba. Tinene kuti mwakongola K10 miliyoni pa 30 peresenti. Chiwongoladzanja chokha ndi K3 miliyoni pachaka, kapena kuti K250,000 pamwezi, ngongole yeniyeniyo musanaikhudze n'komwe. Munthu wa malipiro a pamwezi akhoza kuyesa kuwerengera. Koma ndalama ya pa Lizulu imabwera ndi nyengo. Mwezi uno kachewere wachita bwino, magalimoto a ku Lilongwe ndi Blantyre akulimbirana matumba. Mwezi wamawa tomato wachuluka, akuwolera m'mabeseni. Banki siidziwa zoti tomato wawola. Za katapila sinditchula n'komwe.

Chotsala n'chimene makolo athu akhala akuchita kuyambira kale, ngakhale ife a mafoni timachiona ngati chachikale: kugula malo kaye, kenako kusandutsa ndalama iliyonse yapadera kukhala chinthu chogwirika. Mwagawana za banki m'khonde mu December, gulani malata muike kwa amayi. Mwagulitsa kabichi, gulani mafelemu a zitseko ndi mawindo. Njerwa, miyala ya maziko ndi mchenga sizitsika mphamvu boma likalengeza chilichonse. Simenti yokha ndiye musathamangire. Imayamwa chinyezi, ndipo ndi kuzizira ndi nkhungu ya kuno, thumba likakhala miyezi ingapo mudzalipeza lasanduka mwala. Simenti mugule sabata imene mmisiri akubwera.

Koma kugula malo pa Lizulu kumafuna maso anayi, ndipo apa m'pamene ndikufuna tichedwepo.

Choyamba n'chimene aliyense amadziwa koma amaiwala akamva mtengo wotsika. M'dera lino msewu wa M1 ukuyenda m'malire enieni. Mukawoloka kupita kumadzulo muli ku Angónia, m'chigawo cha Tete. Chilankhulo n'chomwecho, abale ndi omwewo, msika ndi umodzi, koma lamulo ndi lina. Ku Mozambique malo onse ndi a boma ndipo malamulo awo salola kugulitsa malo; munthu amangopatsidwa chilolezo chowagwiritsa ntchito chomwe amachitcha DUAT. Wina akakuuzani kuti "tsidya ilo puloti ndi yotchipa, tingolemberana," dziwani kuti pepala limenelo silidzakuthandizani ku khoti la ku Ntcheu.

Mbali ya Malawi nayo ili ndi zake. Aliyense amafuna pafupi ndi tala kuti kutsogolo adzaike kagolosale. Koma msewu waukulu ngati M1 uli ndi malo ake otetezedwa, mamita 30 kuchokera pakati pa msewu mbali iliyonse. Mukamanga m'menemo, tsiku limene a Roads Authority adzafune kukuza msewu, khoma lanu lidzalembedwa chizindikiro chofiira.

Ndiye pali nkhani ya mbumba. M'midzi yambiri ya ku Ntcheu malo amayenda kuchikazi. Bambo amene akukugulitsani munda akhoza kukhala mkamwini chabe, kapena malume amene sanafunse alongo ake. Mudzalipira, mudzakumba maziko, kenako adzukulu adzabwera kuchokera ku Joni n'kunena kuti malo a agogo awo sagulitsidwa. Milandu yotere imatha zaka. Lamulo la malo a makolo la 2016, la Customary Land Act, linabweretsa makomiti oona za malo m'midzi ndi njira yolembetsera malo m'dzina la munthu kapena banja, ndiye mawu a amfumu okha sakwaniranso ngati kale. Musanapereke ngakhale K1, khalani pansi ndi eni mbumba onse, amfumu akhalepo, malire ayendedwe anthu oyandikana nawo akuona, ndipo mufunse ku ofesi ya za malo ku khonsolo ya Ntcheu. Ndalama mutumize pa foni kapena ku banki kuti umboni utsale. Zimatopetsa, ndipo wogulitsa adzakuuzani kuti pali wina akubwera ndi ndalama mawa. Musiyeni abwere.

Pali gulu limodzi limene ndingaliuze kuti lidikire: amene ndalama yawo yonse ndi mpamba wa geni. Ngati K1.5 miliyoni muli nayoyo ndi yomwe mumapikulira matumba a kachewere, mukaiika m'dothi mudzakhala ndi puloti koma m'thumba mulibe kanthu, ndipo pakangobwera matenda kapena maliro mudzaigulitsa motchipa kwa munthu yemwe uja munamukanira. Mpamba ukuzungulira ukhoza kupambana kukwera kwa mitengo. Ndalama yongokhala mu foni ndi imene ikusungunuka. Choncho gawani pawiri: ya geni ipitirize kuzungulira, phindu lokha ndi limene lizipita ku malo.

Za mapulani a zipinda zinayi okhala ndi galaja amene mukuwaona pa Facebook ndi TikTok, asungeni m'foni. Yambani ndi zipinda ziwiri kumapeto kwa puloti, chimbudzi ndi bafa panja. Mukalowamo, ndalama ya lendi ija iziyamba kugula njerwa za nyumba yaikulu, ndipo tsiku limene mudzasamukire kutsogolo, zipinda ziwirizo mudzaikamo mphunzitsi kapena namwino wolipira pamwezi.