Muyeso Wake Ndi Mphindi, Osati Makoma

Pa tsiku la chikondwerero asilikali akamaguba pabwalo, ambulansi yawo yopukutidwa bwino ikutsatira pambuyo pa mizinga, ife timaomba m'manja n'kumati gulu lankhondo lili ndi zonse. Akuluakulu akafuna kutitsimikizira kuti msilikali wovulala amasamalidwa, amatiwerengera mabedi a m'chipatala, madokotala, ndi odwala amene atuluka atachira. Ine ndikuti muyeso umenewu ndi wonama. Ndi chikomekome cha mkuyu, ndipo amene amaukhulupirira sanaganizepo za malo amene msilikali amafera.

Kawirikawiri msilikali safera pabedi. Madokotala a gulu lankhondo la America atafufuza imfa za asilikali awo 4,596 amene anaphedwa ku Iraq ndi ku Afghanistan pakati pa 2001 ndi 2011, anapeza kuti 87 mwa 100 alionse anatsirizika asanafike n'komwe pachipatala. Mwa amenewa, pafupifupi mmodzi mwa anayi akanatha kupulumuka, ndipo chimene chinapha ambiri a iwo ndi kutaya magazi basi. Tsono taonani chinyengo chake: chipatala chimene ovulala kwambiri safikako chimakhala ndi mbiri yokoma zedi, pakuti akufa ake anafera kuthengo ndipo sanalowe m'kaundula wake. Kuchiyamikira chipatala chotere kuli ngati kutama mphunzitsi kuti ana ake onse akhoza mayeso, chonsecho ofooka onse anatsala kunyumba.

Mtsempha waukulu wa m'ntchafu ukaduka, munthu amatha m'mphindi zowerengeka. Pamenepo dokotala wodziwa ntchito amene ali kutali sapindula kanthu. Wopulumutsa ndi mnzake amene ali pambali pake, ngati ali ndi lamba womanga mwendo kuti magazi aleke kutuluka, ndiponso ngati anaphunzitsidwa kumumanga mumdima, zipolopolo zikulira, manja akunjenjemera.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Dominique Jean Larrey, dokotala wa asilikali a Napoleon, anaona kuti ovulala ankasiyidwa pabwalo la nkhondo kufikira kumenyana kutatha. Iye anakonza ngolo zopepuka zokokedwa ndi akavalo kuti zizikawatenga nkhondo ili m'kati, nalamula kuti woyamba kuthandizidwa akhale wovulala koposa, osati wamkulu paudindo. Patapita zaka zoposa 200, m'chaka cha 2009, nduna ya zachitetezo ya America, Robert Gates, inalamula kuti wovulala kwambiri ku Afghanistan azifika pachipatala cha opaleshoni pasanathe mphindi 60. Nthawi ya ulendowo inatsika kuchoka pa mphindi 90 kufika pa 43, ndipo imfa nazo zinachepa. Onse awiri sanawerenge makoma. Anawerenga nthawi.

Ndikudziwa zimene ena anene. Adzati amenewo ndi mayiko olemera, ife mahelikoputala tiwatenga kuti? Umphawi ulipo, sindikana. Koma lamba womanga mwendo uja mtengo wake sufika ngakhale pa tayala limodzi la galimoto ya nduna, ndipo kuphunzitsa msilikali aliyense kuletsa magazi kumafuna masiku, osati mamiliyoni. Dziko losowa ndege ndilo liyenera kulimbikira koposa pa zimenezi, popeza wovulala wake amadikira nthawi yaitali.

Nkhaniyi si yakutali ndi ife. Mu Novembala 2018 asilikali a Malawi ndi a Tanzania, amene anali pa ntchito yosungitsa mtendere ya bungwe la United Nations, analimbana ndi zigawenga za ADF kufupi ndi Beni, kum'mawa kwa dziko la Congo. Asilikali 6 a Malawi anaphedwa. Mmodzi mwa iwo, Private Chancy Chitete, ataona msilikali wa ku Tanzania, Corporal Ali Khamis Omary, atagwa ndi chipolopolo, anamukokera pamalo obisika nayamba kumupatsa chithandizo choyamba. Ali m'kati mochita zimenezi anawomberedwa, namwalira. Omary anapulumuka. Moyo wake unayambira kupulumuka m'nkhalango momwemo, m'manja mwa msilikali wamba, chipatala chisanamuone. M'chaka cha 2019 António Guterres anapereka kwa mkazi wa Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, yolemekeza kulimba mtima kopambana.

Ulemu umenewo ndi woyenera, ndipo tisauchepetse. Koma mendulo imayankha funso la kulimba mtima kokha. Siyankha mafunso amene mayi aliyense wotumiza mwana wake kunkhondo ali ndi ufulu wofunsa. Kodi msilikali aliyense amanyamula lamba uja m'thumba mwake, kapena malamba amatsekeredwa m'bokosi kumsasa? Kodi anayeserera liti komaliza kumumanga? Kodi wovulala usiku amatengedwa usiku womwewo, kapena amadikira kuche? Nanga magazi omuwonjezera amakhala pamtunda wautali bwanji kuchokera pamene wagwera?

Mafunso amenewa si chinsinsi cha nkhondo, ndipo wowafunsa sanyoza asilikali. Aphungu a Nyumba ya Malamulo asanavomereze ndalama za chitetezo, apemphe kuti pa msilikali aliyense amene anavulala pantchito, alembedwe mphindi zimene zinapita kuchokera pamene anagwa kufikira pamene anakhudzidwa ndi dzanja la dokotala, ndipo m'kaundula ameneyo alowemo ndi iwo amene sanafike.