Njinga si umphawi, ndipo ku Cape Town sindipitanso

M'dziko muno muli mitundu iwiri ya anthu opalasa njinga. Woyamba ndi mlendo wovala kabudula wothina, chipewa cholimba kumutu, zikwama zinayi zitapachikidwa uku ndi uku. Ameneyo akamadutsa, ana amathamangira kumsewu, akuluakulu amaimika makasu, madalaivala amamupatsa mpata ngati galimoto ya maliro. Timati ngwolimba mtima. Wachiwiri ndi bambo wovala patapata, wamanga matumba atatu a makala pakeriyala, wadzuka tambala asanalire, ndipo akukankha njinga pachitunda thukuta likuchucha kuchibwano. Ameneyo timamuimbira hutala, kumutukwana, kenaka kumukankhira m'tchire. Timati ngwosokoneza pamsewu.

Abale anga, ulemu tinauzondotsa. Ndikunena izi ngati munthu amene wangolawako ulemu wa mtundu woyambawo, n'kupeza kuti ukuwawa mkamwa.

Mwezi watha ndinapalasa kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Karonga. Ndinatsikira ku Salima pa M14, n'kutsata M5 m'mbali mwa nyanja: Nkhotakota, Dwangwa, Chintheche, Nkhata Bay. Kuchoka apo ndinakwera mapiri kupita ku Mzuzu, kenaka M1, kutsetsereka pa Chiweta, kudutsa Chilumba, mpaka Karonga. Makilomita opitirira 650, masiku khumi, machubu awiri ophulika ndi sipoko imodzi yothyoka. Ulendowu unali woyesera chabe. Cholinga chenicheni, chimene ndakhala ndikusungira ndalama kwa zaka zitatu, chinali chopalasa chaka chamawa kuchokera ku Lilongwe, kudzera ku Chipata, Lusaka, Livingstone, Botswana ndi Namibia, mpaka ku Cape Town. Imeneyi ndi njira imene amatsata a Tour d'Afrique, ulendo wa njinga umene udayamba mu 2003 kuchokera ku Cairo, ndipo umadutsa m'dziko lathu lino. Ndinkati nanenso ndikaime kumathero kwa Africa, njinga nditainyamula m'mwamba, wina andijambule.

Chibwerereni, aliyense funso lake ndi limodzi: “Ndiye ku Cape Town liti, achimwene?” Sindipita. Miyendo ili bwinobwino, ndalama zilipo. Chandibweza ndi zimene ndaona pamsewu wathu womwewu.

Anthu olemba za maulendo ataliatali a njinga amakonda kudandaula za kusungulumwa, ati munthu umangotsala wekha ndi mphepo. Pa M5 kusungulumwa kulibe. Kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, njinga zili mbwee. Wina wanyamula dengu la usipa kuchokera kudoko, wina nzimbe, wina mitolo ya nkhuni, wina malata asanu atawapinda, wina mbuzi ikulira itamangidwa miyendo. Ndinaona mayi wodwala atakhala pakeriyala, mutu atatsamira msana wa mwamuna wake, akulowera kuchipatala. Ndinaona aphunzitsi, ana asukulu, abusa, ngakhale bokosi la maliro la mwana litakulungidwa m'chitenje. Ine ndi magiya anga 21 ndinali mlendo pakati pa anthu ogwira ntchito.

Pakati pa Salima ndi Nkhotakota ndinayenda kanthawi ndi bambo wina atanyamula matumba awiri a chimanga, lililonse makilogalamu 50, panjinga ya giya imodzi yopanda mabuleki akumbuyo. Anandifunsa: “Mwalowera kuti, bwana?” Ndinati ku Karonga. “Kukatani?” Ndinati kungoyenda. Anaseka mpaka njinga inagwedezeka. “Aaa, ndiye kuti kwanu zinthu zili bwinotu.” Iwo amapalasa makilomita 40 kupita kumsika, 40 kubwerera, katatu pamlungu. Tawerengani nokha. Pamlungu ndi makilomita 240. Pamilungu itatu apitirira ulendo wanga wonse umene anthu akundiombera nawo m'manja pa Facebook. Pamilungu 50 afika makilomita 12,000, omwe ndi pafupifupi mtunda wochokera ku Cairo kukafika ku Cape Town. Bambo ameneyu amadutsa Africa yense chaka chilichonse, chimanga chili kumbuyo, ndipo palibe amene adamujambulapo. Ndiye ine ndipite ku Cape Town kukaonetsa chiyani, kwa ndani?

Koma zikanakhala za chithunzi chokha, bwenzi nditangokhala chete. Vuto n'lakuti kunyoza kwathuku kunalembedwa pamsewu penipeni, ndipo kumapha.

Tayang'anani m'mphepete mwa tala. M'malo ambiri a M5 msewu ndi wopapatiza, m'mbali mwake munadyeka ngati nsima imene ana ayamba kuitsina. Pamene tala wathera pali chidikha, pena chakuya mpaka theka la mkono. Thiraki ikatulukira kumbuyo ndipo basi ikubwera kutsogolo, wanjinga ali ndi zosankha ziwiri: kudumphira m'chidikhamo ndi katundu yense, kapena kupemphera. Pamilatho ina yopapatiza galimoto imodzi imadzaza mlatho wonse, wanjinga alibe pothawira. Kumpoto, pa M1, mumadutsa mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam ndi malole a malasha, ndipo pamakhotakhota a Chiweta mphepo yokha ya thiraki imakukankha ngati dzanja. Ine ndinali ndi kalirole pahandulo, nyali yofiira kumbuyo ndi chipewa. Anzanga aja analibe kanthu koma makutu.

Wojambula msewu akamajambula, m'mutu mwake mumakhala galimoto. Wanjinga amangopatsidwa zotsala, ngati galu pamwambo wa ukwati. Chonsecho kalembera wa 2018 adapeza kuti tilipo oposa 17.5 miliyoni, ndipo anthu 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi. Ambiri mwa iwo galimoto yawoyawo sadzagula m'moyo uno. Chimene chimatulutsa chimanga m'munda kupita kuchigayo, tomato kupita kumsika, wodwala kupita kuchipatala, ndi njinga. Galimoto yeniyeni ya dziko lino ili ndi matayala awiri ndi tcheni. Nanga bwanji misewu yathu timaimanga ngati kuti tonse tili ndi Toyota?

Taiwala msanga mizere ya mafuta ija ya mu 2022 ndi zaka zotsatira, pamene mabwana ankagona m'galimoto pafilingi sitesheni kudikira malita 20. Taiwala November 2023, pamene kwacha idagwa ndi 44 peresenti mitengo ya minibasi n'kuuluka. Masiku amenewo adatinyamula ndani? Akabaza. Ku Mzuzu asakaramento. Anthu omwewo amene nthawi ndi nthawi timamva kuti achotsedwe pakati pa tauni chifukwa akuipitsa maonekedwe a mzinda. Njinga simwa petulo, siidikira ndalama zakunja pamwezi uliwonse, ndipo ikafa amaiukitsa mnyamata wa pansi pa mtengo wa mango ndi sipanala, guluu ndi chigamba cha chubu chakale. M'dziko losowa madola, chinthu chotere chimayenera kupatsidwa mpando wakutsogolo. Ife timachitcha chizindikiro cha umphawi. Mnyamata akafuna kufunsira, amabisa njinga kuseri kwa nyumba ya mnzake. Munthu akakwezedwa pantchito, choyamba n'kutenga ngongole ya galimoto yakale yochokera ku Japan, kuti anthu asamati “uja amapalasa uja”.

Ndikudziwa zimene muyankhe, chifukwa madalaivala anzanga andiuza kale. Ati anjinga ndi osamvera: amayenda usiku opanda nyali, amakhota osayang'ana kumbuyo, ena amapalasa atamwa kachasu, ena amamanga katundu wotambalala ngati khomo la tchalitchi. Zoona, ndawaona. Koma munthu amene simunamupatse malo pamsewu, simunamuphunzitse lamulo lililonse kusukulu, ndipo mwamusiya alimbirane tala ndi thiraki ya matani 30, mukufuna ayende mwadongosolo lanji? Ndiponso wanjinga akalakwitsa, amafa ndi iyeyo. Dalaivala akalakwitsa, amafanso ndi wanjinga yemweyo. Kulakwa kuwiriku sikulemera mofanana, choncho udindo sungafanane.

Ena ati: iwe ukuyamikira onyamula makala, anthu amene akutha Dzalanyama. Nkhalango ikutha, inde. Koma makalawo akupita kuti? Akupita m'makhitchini a ku Area 25, Area 47 ndi Kawale, m'nyumba za omwe akuimba hutala aja. Madzulo timaphikira makala ake, m'mawa timamutukwana pamsewu. Ngati mlandu wa makala ulipo, ngwa tonse, ndipo chilango chake sichingakhale kugundidwa ndi minibasi.

Enanso ati chitukuko ndi galimoto, dziko likamalemera njinga zimatha zokha. Amenewa akaone ku Netherlands, dziko lolemera kutiposa kutalitali, kumene njinga n'zambiri kuposa anthu, ndipo Mark Rutte ali nduna yaikulu ankapita kuntchito akupalasa. Kumenekonso sizidagwe kumwamba. Mu 1971 anthu oposa 3,000 adafera pamisewu yawo, mwa iwo ana oposa 400. Makolo adakwiya, adayamba kutseka misewu ndi zionetsero. Mu 1973 kudabwera vuto la mafuta padziko lonse. Zinthu ziwirizi zidawakakamiza kuyamba kumanga njira za njinga zopatukana ndi za galimoto. Ife maliro a pamsewu tili nawo, vuto la mafuta tili nalo. Chimene tilibe ndi mkwiyo. Wanjinga akagundidwa timangoti inali nthawi yake, n'kusonkha ya bokosi.

Mlendo wa zikwama zinayi uja sindikumuda. Amagula nthochi, amalipira pogona, ndipo ambiri mwa iwo ndi anthu aulemu. Ndikudana ndi maso athuwa, amene amaona ngwazi mwa munthu wopalasa mwakufuna kwake, n'kuona chipsinjo mwa munthu wopalasa kuti ana adye. Ndipo ndikanapita ku Cape Town, ndikanangowonjezera pa bodza lomwelo: kuti njinga imalemekezeka pokhapokha ikachoka kwawo n'kukajambulidwa kutali. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Msewu wanga ndi umene uli pakhomo panga.

Ndiye mapulani asintha motere. Chaka chamawa ndipalasabe, mwina mtunda woposa umene ndikanapalasa kupita kummwera, koma m'njira za anthu ogwira ntchito. Ndiyamba ndi njira ya onyamula makala kuchokera ku Dzalanyama kulowa mu Lilongwe, pa ola lawo lomwelo, kunja kusanache. Kenaka Mwanza kupita ku Blantyre, kenaka chitunda cha Thabwa pochokera ku Chikwawa, kenaka misewu ya mpunga ya ku Karonga. Paliponse ndizilemba pamene malo a wanjinga athera, pamene mlatho wapanikiza, pamene anthu akumaloko akuti apa timataya anzathu kawirikawiri. Ndizilemba pano, dera ndi dera, m'Chichewa, kuti wanjinga mwini wake athe kuwerenga n'kunditsutsa ngati ndanama. Ndipo kalata iliyonse ndizitumiza kwa phungu ndi khansala wa deralo, asadzati sitimadziwa.

Ndalama zimene ndikanalipirira malo ogona ku Namibia zigula zinthu zonyezimira zomata kumbuyo kwa njinga ndi nyali zotsika mtengo, zogawa m'masiteji a kabaza amene ndizidutsamo. Sizithetsa vuto, ndikudziwa. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Chothetsa vuto ndi chakuti msewu uliwonse umene ukumangidwa kapena kukonzedwa ukhale ndi malo a tala m'mbali, otakata mokwanira njinga ya matumba awiri, ndipo mlatho uliwonse watsopano ukhale ndi kanjira ka woyenda pansi ndi wopalasa. Zimenezi si zamwanaalirenji. Tikamakongola ndalama zomangira msewu, ngongoleyo amabweza ndi tonse, kuphatikizapo bambo wa chimanga uja pamene akugula mchere ndi sopo. Walipira nawo msewuwo, apatsidwe gawo lake.

Kwa inu a galimoto, pempho langa ndi laling'ono. Mukaona njinga kutsogolo ndipo mbali inayo kukubwera galimoto, chotsani phazi pamoto, dikirani masekondi asanu. Simuchedwa ukwati wa munthu. Hutala si buleki. Ndipo tsiku lina mukadzafika kuofesi n'kupeza mnzanu akutsamiritsa njinga pakhoma, musamufunse kuti galimoto yatani. Mufunseni kuti wadzera njira iti, ndipo m'mbali mwa msewumo munali malo kapena ayi.