Umirani pa mekaniko, musaumire pa mabuleki

Galimoto zambiri zimene zikuyenda m'chigawo chathu cha Tete ndi zakale: ma Hilux, ma Hiace a chapa ndi ma Corolla amene anafika kuno atatopa kale ku Japan kapena ku Joni. Eni ake ambiri sakwanitsa kulipira ofisina, ndipo amadzikonzera okha pakhomo. Ife sitiona cholakwa pamenepo. Chimene tikukana ndi kuumira pa malo osayenera. Ndalama ya mekaniko mungathe kuisunga, koma ya zipangizo za mabuleki tulutsani.

Taganizani za msewu wochoka ku Ulónguè, kudzera pa Mussacama, kukafika ku Moatize. Galimoto imatsika kuchoka ku mapiri a Angónia, oposa mamita 1,000 kutalika, kulowa m'chigwa chotentha cha Zambezi, itasenza mbatatesi, chimanga ndi anthu pamwamba pake. Potsetsereka mabuleki amatentha kwambiri. Tsono mafuta a mabuleki amamwa chinyezi pang'onopang'ono. A DOT 4 atsopano amapirira mpaka madigiri 230, koma akamwa madzi amatha kuwira pa madigiri 155. Akawira, phazi limangolowa mpaka pansi, galimoto osaima. Nchifukwa chake mafutawa ayenera kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Amene amathiramo madzi a sopo kapena oyilo wa injini akudzikumbira manda: oyiloyo amatupitsa malabala a mu bomba.

Abale, ku sukata kuli zogula ndi zosagula. Mola ya Hilux yopanda mng'alu mungagule yakale, ndipo idzakutumikirani. Koma mapasitilya, malabala a bomba ndi mapaipi a labala opita ku matayala, gulani zatsopano. Musinthenso mbali zonse ziwiri tsiku limodzi. Mukasintha kumanzere kokha, galimoto idzakokera mbali imodzi pa nthawi yoti muime mwadzidzidzi.

Ena amati amoritesedori ndi zongofewetsa ulendo, zingadikire. Ayi. Zikatha, tayala limadumphadumpha pa msewu wa mabampu, ndipo tayala limene lili m'mwamba silingagwire buleki. Kuziyesa sikulira ndalama. Kanikizani ngodya ya galimoto ndi mphamvu, kenaka siyani. Ikapitiriza kunjanja, kapena mukaona oyilo akuchucha, zatha. Kwezaninso tayala ndi jeke, muligwedeze ndi manja awiri. Likamasewera, yang'anani marotula ndi mabering'i. Ndalama ikachepa, yambani mabuleki, kenaka marotula, amoritesedori pambuyo. Wailesi ndi penti zidikire.

Pa ntchito yeniyeniyo, musalowe kunsi kwa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha. Tsamiritsani pa zipika za mtengo wolimba, osati pa njerwa, zimene zimasweka mosachenjeza. Fumbi la mabuleki musaliuzire ndi pakamwa, popeza zipangizo zina zakale zili ndi asibesito wowononga mapapo. Pukutani ndi nsanza yonyowa. Pochotsa mpweya m'mapaipi pamafunika anthu awiri, wina akupopa, wina akutsegula, ndipo pa galimoto zambiri mumayambira tayala lakutali ndi bomba. Mukamaliza, popani buleki mpaka ilimbe musanasunthe, ndipo muiyese pa bwalo lopanda ana.

Pali ntchito imodzi imene tikuti muisiyire mmisiri: mola yozungulira ya kutsogolo kwa Corolla. Imakhala yopanikizidwa ndi mphamvu yaikulu, ndipo kuimasula popanda chopanira chake kumathyola nsagwada. Apa kulipira mekaniko ndi kutchipa kuposa kugona m'chipatala.

Kuyambira mu 2010 galimoto zimayenera kupita ku inspecção, ndipo lamuloli ndi labwino. Koma pepala lomata pa galasi siliimitsa galimoto potsika ku Zóbuè. Mwini galimoto amene amanyamula anthu a m'mudzi mwake ayambe wagula botolo la DOT 4 ndi mapasitilya atsopano mwezi uno, mvula isanayambe kuterereza misewu.