Wosalidwa pa koleji akadandaule kwa yani?



Ife a Bungwe la Chilungamo ndi Mtendere tati tikambirane nanu za ana athu amene timawatumiza ku makoleji titagulitsa mbuzi ndi mpunga, komanso za aphunzitsi ndi antchito a kumeneko. Tsankho m'maphunziro si lachilendo m'dziko muno. M'chaka cha 1989 aphunzitsi analamulidwa kubwerera kukaphunzitsa m'zigawo za kwawo, ndipo panalibe khomo loti nkugogodapo. Kusankha ophunzira a ku yunivesite potengera boma lochokera kunabwezeretsedwa mu 2009 nkuthetsedwa mu 2020, koma funso loti "kwanu nkuti?" silinathere pomwepo.

Malamulo alipo. Gawo 20 la Malamulo Oyendetsera Dziko likuletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, chilankhulo, chipembedzo, ulumali, kapena poti ndi mkazi kaya mwamuna. Gawo 43 likupatsa aliyense ufulu wouzidwa molemba zifukwa zimene akuluakulu agamulira nkhani yomukhudza. Vuto lagona pa amene amalandira dandaulo. Mtsikana amene mphunzitsi akumuopseza kuti amulepheretsa mayeso akamukana, amauzidwa kuti akaonane ndi mkulu wa gawo lomwelo, amene amamwa tiyi ndi mphunzitsiyo tsiku lililonse. Mlonda kapena wophika amene akunyozedwa chifukwa cha mtundu wake amadziwa kuti womunyozayo ndiye amasayina kalata yake ya ntchito. Anthu otere akakhala chete, akuluakulu amanyadira kuti pa koleji pawo palibe madandaulo, chonsecho ndi mantha chabe.

Ife a ku Mua tili ndi chifukwa china chodandaulira. Pano pali sukulu ya ana osamva. Mwana wotere akalimbikira mpaka kufika ku koleji, adzafotokoza bwanji zomusautsa ngati mu ofesi mulibe wodziwa chilankhulo chamanja? Kodi apite ndi mnzake wa m'kalasi kuti akamumasulire nkhani yamanyazi?

Mpingo woyamba unakumana ndi nkhani yonga yomweyi. Mutu 6 wa Ntchito za Atumwi ukusimba za Akhristu olankhula Chigriki amene anadandaula kuti akazi awo amasiye akumanidwa pogawa chakudya. Atumwi sanawatche oukira kapena ogawanitsa mpingo. Anaitanitsa gulu lonse kuti lisankhe anthu 7 oyang'anira ntchitoyo, ndipo chochititsa chidwi nchakuti onse osankhidwawo anali ndi maina Achigriki.

Choncho tikupempha kuti koleji iliyonse ikhale ndi komiti yolandira madandaulo imene muli amayi, oimira ophunzira, oimira antchito wamba, ndi munthu mmodzi wochokera kunja amene salipidwa ndi kolejiyo. Dandaulo lilembedwe, wodandaula auzidwe tsiku lolandira yankho, ndipo mapepala ake a mayeso achongedwe ndi mphunzitsi wina kufikira nkhani itatha. Woimbidwa mlandu nayenso amvedwe mokwanira, pakuti bodza limaononga mbiri ya munthu. Makoleji a Mpingo ayambe ndiwo, tisanaloze chala a boma.

Makolo, mwana akabwera ku tchuthi ali khuma, musathamangire kumuuza kuti apirire poti fizi inavuta kupeza. Mufunseni modekha. Koleji ikakhala chete, ofesi ya Ombudsman ndi Bungwe loona za Ufulu wa Anthu amalandira madandaulo otere kwaulere, ndipo mamembala athu a m'miphakati angakuthandizeni kulemba kalatayo.